Walira Mvula Walira Matope

Mwezi wathawu ndinadya patebulo limodzi ndi banja lina la azungu pamalo ena ogona alendo mu Lilongwe. Mayiyo anali atafukata kamtsikana ka miyezi ngati isanu ndi itatu, kakuda bii, ka maso owala, ndipo bamboyo sanachedwe kundiuza kuti abwera kudzatenga mwanayo kuti akhale wawo mwalamulo. Ndinawayamikira ndi mtima wonse. Kenaka anayamba kuwerenga pazala masabata amene ati awataya kuno: kudikira tsiku la kukhoti, kudikira lipoti la a zachisamaliro cha ana, kudikira pasipoti, kudikira viza. Anawonjezapo za magetsi ozimazima ndi udzudzu. Nditawafunsa ngati anafikako kumudzi kumene mwanayo anabadwira, anangoyang'anana. Masabata asanu ndi awiri ali m'dziko muno, koma ngakhale dzina la mudziwo silinali pakamwa pawo.

Zinandiwawa, ndipo pobwerera kunyumba m'mutu mwanga munangozungulira mawu a akulu akuti walira mvula walira matope. Aliyense amene anagwirapo khasu amadziwa tanthauzo lake. Chimene ndikufuna kunena n'chakuti mwana sabwera yekha. Ali ndi kwawo, ali ndi manda a mayi ake, ali ndi malume amene mwina sanamve n'komwe kuti mwana akukwera ndege. Amene walira mwanayo walira zonsezi, ndipo nthawi yokhala m'dziko la mwanayo ndiyo matope ake.

Ife Amalawi nkhaniyi tinaionera pafupi. Mu Okutobala 2006 woimba Madonna anafika kuno n'kupeza David, mwana wa chaka chimodzi, kumalo osungira ana a Home of Hope ku Mchinji. Mayi ake a mwanayo anali atamwalira, koma bambo ake anali moyo. Khoti linapereka chilolezo chogwirizira cha miyezi 18, ndipo pasanathe masiku ambiri mwana anali ku London. Miyezi imene ikanakhala yoyesera mlendoyo pamaso pathu inathera kutsidya kwa nyanja. Mu 2009 Madonna anabweranso, ulendo uno kudzatenga mwana wina, Mercy. Pa 3 Epulo Jaji Esmie Chombo wa bwalo lalikulu la milandu ku Lilongwe anakana pempholo, ponena kuti lamulo limafuna kuti wotenga mwana akhale wokhala m'Malawi, ndipo anachenjeza kuti khomo limeneli likasiyidwa pululu adzalowerapo ndi ozembetsa ana omwe. Pa 12 Juni chaka chomwecho bwalo la apilo linasintha chigamulocho. Linaona kuti ntchito zachifundo za mayiyo m'dziko muno zikumumangiriza ku Malawi mokwanira, ndiponso kuti mwana ndi bwino akulire m'banja kusiyana ndi kumalo osungira ana amasiye.

Ine mpaka lero ndili kumbali ya a Chombo. Ndalama zimamanga sukulu, zimagula mankhwala, koma sizingakhale pamphasa m'malo mwa munthu. Ndipo chigamulo cha khoti sichithera pa munthu mmodzi: chikalembedwa, loya aliyense amachinyamula kukaimirira nacho mlendo wina amene sitikumudziwa mtima wake.

Chifukwa chenicheni chimene ndimakakamirira nthawi chili m'chilankhulo chathu chomwechi. Kwathu mwana amene wataya kholo limodzi timamutcha wamasiye. Mlendo akamva mawu amenewa m'chilankhulo chake amaganiza za mwana wopanda aliyense padziko. Chonsecho ana ambiri amene ali kumalo osungira ana ali ndi abale: mayi akamwalira pobereka, agogo alibe ndalama ya mkaka wa m'chitini, ndiye amakasiya khandalo kuti lipulumuke, n'cholinga chodzalitenga likayamba kudya nsima. Pali mawu enanso, kulera. Tonsefe tikudziwa mwana amene analeredwa ndi azakhali ake m'tauni, anaphunzira sukulu kumeneko, koma maliro akagwa kumudzi amabwera, ndipo mfunda wake sunasinthe. Gogo wa kumudzi akauzidwa kuti azungu akufuna kulera mdzukulu wake, chimene amamva ndi chimenecho. Amadinda chala ali ndi chithunzi cha mnyamata amene adzabwere ataphunzira, kudzafolera nyumba ndi malata. Pepala limene wadindapo likunena zina: kuti pamaso pa lamulo ubale waduka, mwanayo tsopano ndi wa eni ena mpaka kalekale. Kusamvana kotereku sikuoneka pa masabata awiri. Kumaoneka pamene mlendo wapita kumudziko kachiwiri, kachitatu, mpaka mwinimbumba amene anali kumunda kapena ku Joni wamva nkhaniyo n'kufunsa funso limene aliyense amaliopa.

Maiko ena anapunthwa kale pa mwala womwewu. Dziko la Uganda, ngakhale linafewetsa lamulo lake mu 2016, linasiyabe chaka chathunthu chakuti mlendo akhale m'dzikomo akulera mwanayo asanapite naye. Ethiopia, imene inatumiza ana ambirimbiri ku America ndi ku Ulaya, inatseka khomo lonse mu 2018 nkhani zomvetsa chisoni zitachuluka. Pangano la ku Hague la 1993 nalo limati mwana ayambe wafuniridwa banja m'dziko lake lomwe, kunja kukhale kotsiriza. Kufufuza koteroko kumadya nthawi, ndipo kuyenera kutero.

Ndivomere, ngakhale monyinyirika, kuti si kudikira konse kumene kuli kwa nzeru. Pali matope ena ochita kuthira madzi dala: fayilo yosowa, ofesala amene wapita kumsonkhano, tsiku la mlandu losunthidwa popanda chifukwa. Khanda silidikira, mwezi uliwonse umene lagona m'chipinda cha ana makumi awiri ndi wolera mmodzi ndi mwezi wotayika ndithu. Ndivomerenso kuti Madonna sanathawe. Anabwerabwera, ana aja anawabweretsa kudzaona kwawo, ndipo mu 2017 anatsegula chipatala cha opaleshoni ya ana cha Mercy James pa Queen Elizabeth mu Blantyre, chimene chapulumutsa ana a anthu osauka. Zimenezo sindingazikane. Koma ndi angati mwa otenga ana amene ali ndi ndege yobwerera nayo chaka chilichonse? Ambiri akanyamuka pa Kamuzu International Airport ndiye kuti apita. Masabata amene akudandaula nawowo ndi okhawo amene adzakhale nawo m'dziko la mwana wawo, ndipo tsiku lina mwanayo ali ndi zaka khumi ndi zisanu adzaima pagalasi n'kufunsa kuti mphuno iyi ndi ya yani. Kumuyankha ndi zithunzi za pahotela ndi kumulakwira.

Banja lija ndinaliuza zimenezi, mwina mwaukali kuposa mmene mlendo amayenera kulankhulidwira. Ndinati viza isanatuluke apemphe wa zachisamaliro cha ana awaperekeze kumudziko, atenge shuga, mchere ndi sopo, akayambire kwa amfumu. Akafunse dzina la mayi wa mwanayo, mfunda wake, ndi amene anadula mchombo. Akaone manda. Akapemphe agogo awaphunzitse kubereka mwana kumbuyo ndi chitenje, ndipo kudzera mwa womasulira akanene poyera, pamaso pa abale onse, kuti mwanayu sakupita kusukulu, akupita kukakhala wa banja lina, kenaka akhale chete amve yankho.

Bamboyo anafunsa kuti nanga abalewo akakasintha maganizo. Ndinamuuza kuti akatero ndiye kuti mwanayo anali ndi kwawo kale. Mayiyo sanayankhe kanthu; anamufukata mwana uja molimba, ndipo patapita kanthawi anandifunsa kuti shugayo atenge mapaketi angati.