KODI KATEMERA ACEPSA CIKHULUPIRIRO?

Caka ndi caka, pa 3 June, Akristu a maiko ambiri amasonkhana ku Namugongo m'dziko la Uganda, kumene Karoli Lwanga ndi anzace anatenthedwa pa moto m'caka ca 1886. A ku Malawi nawonso amapitako. Koma pokonzeka ulendowu ena amanyinyirika akauzidwa kuti ayambe alandira katemera wa yellow fever, nati: "Wopita kukapemphera pa malo oyera aoperenji nthenda? Kodi Amartiri anaopa imfa?"

Mauwa amveka ngati a munthu wolimba mtima, koma mulibe nzeru m'menemo. Amartiri a ku Uganda sanaifune imfa ai. Mfumu Mwanga inawaikira ziwiri, kukana Kristu kapena kufa, ndipo iwo anasankha kufa. Udzudzu suuza munthu kuti akane Kristu. Womwalira cifukwa ananyozera mankhwala amene analipo sacitira umboni ciri conse koma kusasamala kwace. Ngakhale Ambuye Yesu, pamene Satana anawaimika pamwamba pa Tempile, anakana kudziponya pansi kuti angelo awawakhe, pakuti kutero nkuyesa Mulungu.

Nthendayi ipezeka ku Uganda ndi m'maiko ena otentha a mu Afrika ndi ku South America. Ifala ndi udzudzu woluma makamaka usana. Pakapita masiku 3 kufikira 6 munthu amva malungo. Mwa ena ciwindi cionongeka, maso acita cikasu, nasanza magazi. Mankhwala oiciza palibe, koma katemera alipo kuyambira 1937, nchito ya Max Theiler wobadwira ku Pretoria. Kubayitsa kamodzi kukwanira moyo wonse, malinga pakhale masiku 10 ulendo usanayambe.

Ndipo mlanduwu suli wa munthu mmodzi. Wapaulendo angathe kubwera kwao nthenda iri m'magazi, udzudzu wa pa mudzi numluma, nukaluma mwana wa mnansi amene sanapite kuli konse. Ncifukwa cace maboma amafunsa kalata yacikasu kwa ocokera ku maiko otere. Lamulo lacisanu la Mulungu liletsa kuika moyo wa mnzako pa ngozi monga liletsa kumlasa ndi mkondo.

Coipa koposa ndi ca iwo amene agula kalatayo kwa anthu acinyengo osabayitsa konse, poti apulumutse ndalama kapena nthawi. Wotere ayamba ulendo woyera ndi bodza m'thumba, ndipo ciri codabwitsa kuti akagwada pa malo a anthu amene analola kupsya koposa kunama.

Alipo ena amene katemerayu sawayenera msanga: makanda osakwana miyezi 9, amai apakati, okalamba ndi ofooka m'thupi ndi nthenda zina. Awa aonane ndi dokotala, ndipo akawaletsa, asadandaule. Aphunzitsi a m'miraga awakumbutse kuti pa 3 June Misa ya Amartiri imacitikanso ku parishi yao.