Ndani Anamupatsa Nyimboyo?



Loweruka lapitalo, titaweruka phunziro la ana okonzekera Ulimbitso, mayi wina anandidikirira pakhonde la holo atagwira foni ya mwana wawo wa zaka 14. "Aphunzitsi, tamvani izi," anatero akundipatsa timawaya ta m'khutu. Ndinamva magitala akulira ngati chigayo, ng'oma zikuthamanga ngati matalala padenga la malata, ndi munthu akukuwa ndi mawu osasa. "Mwana wanga walowa za satana. Mundiuze ngati ndipite naye kwa Bambo Mfumu."

Mayiwa andilola kulemba nkhaniyi, bola ndisatchule dzina. Nyimbo zimenezi zimatchedwa heavy metal. Ndinazizindikira msanga chifukwa ku koleji ndinagona chipinda chimodzi ndi mnyamata amene ankazimvera usana ndi usiku, ndipo zinandisowetsa tulo chaka chathunthu. Mpaka lero sindizikonda. Komabe ndinawafunsa mayiwa mafunso awiri: mwanayu anayamba liti kumvera zimenezi, ndipo anamupatsa ndani? Onse awiri sanathe kuwayankha. Ankadziwa mtundu wa foni, mtengo wake ndi tsiku limene anaigula, koma za zimene zinalowa m'menemo ndi njira imene zinadzera analibe mawu.

Mafunso amenewa ndi amene ndikufuna tilingalire pamodzi Lamulungu lino, ndipo ndiyambe ndi kumene nyimbozi zinachokera.

Kwawo kwa heavy metal ndi ku Birmingham, mzinda wa mafakitale ku England. Kumeneko kunali mnyamata wina, Tony Iommi, wobadwa mu 1948, amene ankagwira ntchito m'fakitale yodula malata uku akuimba gitala madzulo. Ali ndi zaka 17, pa tsiku lake lomaliza pantchito, makina anamudula nsonga za zala ziwiri za kudzanja lamanja. Iye ndi wamanzere, kutanthauza kuti zala zimenezo ndi zomwe ankakanikizira zingwe za gitala. Anataya mtima, nakhala pakhomo. Kenako bwana wake wa kufakitale anabwera kudzamuona atanyamula chimbale cha Django Reinhardt, katswiri wa gitala amene zala zake ziwiri zinapuwala atapsa ndi moto. Iommi atamva mmene munthu wolumala zala ankaimbira, anasungunula botolo la pulasitiki, naumba tizisoti tovala kunsonga za zala zodukazo. Anasankha zingwe zopyapyala, ndipo pambuyo pake anazikhwefula kuti zisamamupweteke. Zingwe zokhwefuka zimatulutsa mawu otsika, olemera, ochititsa nthumanzi. Mu 1968 iye ndi anzake atatu a dera losauka la Aston anayambitsa gulu limene linadzatchedwa Black Sabbath, dzina limene anatenga ku filimu yoopsa ya mu 1963. Chimbale chawo choyamba chinatuluka Lachisanu, pa 13 February 1970, ndipo ambiri amawerengera chiyambi cha heavy metal kuchokera pamenepo.

Taonani mmene nkhaniyi yayambira: mnyamata wovulala, ndi munthu wamkulu amene anagogoda pakhomo atanyamula nyimbo.

Mukafufuza mbiri ya oimba ndi okonda nyimbozi, mudzapeza kuti njira yolowera imakhala yofanana modabwitsa. Ozzy Osbourne, woimba wa Black Sabbath amene anamwalira mu July 2025, ankanena kuti anaganiza zokhala woimba atamva nyimbo ya The Beatles pa wailesi ali ndi zaka 14. Lars Ulrich, woimba ng'oma wa gulu la Metallica, anapita kukaonera Deep Purple ku Copenhagen mu 1973 ali ndi zaka 9, ndipo amene anamutengera kumeneko ndi bambo ake. Kirk Hammett, wa gitala m'gulu lomwelo, anayambira pa zimbale za mkulu wake. Kale ankapatsana makaseti ojambula okha, kenako ma CD, lero amangotumizirana pa WhatsApp kapena kuzipeza pa YouTube. Mu 2022 sewero la pa kanema lotchedwa Stranger Things linaika nyimbo ya Metallica ya mu 1986, ndipo ana amene makolo awo anali asanakwatirane nyimboyo ikutuluka anayamba kuifunafuna. Zipangizo zasintha, koma nthawi zambiri pamakhala munthu: mchimwene, msuweni, mnzake wa m'kalasi, amene amati, "Tamvera iyi." Ndipo si kawirikawiri munthu kuyamba kuzikonda ali ndi imvi. Ochuluka amalowa pa msinkhu womwewu wa ana athu a Ulimbitso, pamene mawu akusintha, nsapato zikuthina mwezi uliwonse, ndipo mwana wayamba kutseka chitseko cha kuchipinda.

Msinkhu umenewu Malembo Oyera amaudziwa. Pa zaka zonse za pakati pa ukhanda wa Ambuye Yesu ndi ubatizo wawo mu Yordani, Mthenga Wabwino umatisungira nkhani imodzi yokha, ndipo ndi ya pamene anali ndi zaka 12. Muiwerenge pa Luka 2:41-52. Timaisinkhasinkhanso tikamanena Kolona. Banja linapita ku Yerusalemu ku chikondwerero cha Paska. Pobwerera, Maria ndi Yosefe anayenda tsiku lathunthu akuyesa kuti mwana ali m'gulu la achibale. Sanalimo. Anamupeza patapita masiku atatu, ali m'Nyumba ya Mulungu pakati pa aphunzitsi, akuwamvetsera ndi kuwafunsa mafunso.

Sindikuyerekeza Nyumba ya Mulungu ndi dansi ya magitala, musandimve molakwa. Ndikufuna tione makolowo. Banja loyera kuposa mabanja onse linayenda ulendo wa tsiku lonse likuganiza kuti likudziwa kumene mwana ali. Atamupeza, Amayi Maria sanayambe ndi chibonga kapena ndi chigamulo. Anayamba ndi funso, namuuza mwana wawo poyera nkhawa imene iwo ndi Yosefe anali nayo. Yankho limene analandira, Luka akutiuza mosabisa kuti sanalimvetse. Sanalimvetse, koma sanalitaye. Analisunga mumtima, nabwerera ndi mwanayo ku Nazareti. Ife tikapeza chinthu chachilendo m'foni ya mwana, timalumpha masiku atatu ofunafuna aja, timalumphanso funso, n'kufikira pa chigamulo.

Tsono wina anena kuti, "Aphunzitsi, mukutiuza kuti nyimbozi zilibe vuto?" Ayi, sindikutero. Muli zoipa zenizeni m'menemo. Ku Norway, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anyamata ena a mtundu wa nyimbozi wotchedwa black metal anatentha matchalitchi akale a matabwa, ndipo mmodzi wa iwo, Varg Vikernes, anagamulidwa mu 1994 kukhala m'ndende zaka 21 chifukwa cha kupha munthu ndi kutentha matchalitchi. Alipo magulu amene mawu awo ndi onyoza Mulungu mwadala, otamanda chidani ndi imfa. Mwana amene akudya zimenezo tsiku ndi tsiku, kholo lili ndi udindo womuletsa, ndipo ine ndidzaima nalo. Brian Welch wa gulu la Korn anafika pokhala kapolo wa mankhwala osokoneza bongo, mpaka mu 2005 anasiya gululo atatembenuka mtima, nakabatizidwa mu mtsinje wa Yordani.

Koma dzina limodzi la heavy metal likuphimba zinthu zosiyana kwambiri. Geezer Butler, amene ankalemba mawu a nyimbo zambiri za Black Sabbath, anakulira m'banja la Chikatolika lochokera ku Ireland, ndipo imodzi mwa nyimbo zawo za mu 1971 imadzudzula anthu onyoza chikhulupiriro mwa Mulungu. Ina yotchuka kwambiri imatsutsa atsogoleri otumiza ana a amphawi kunkhondo. Iommi yemwe uja, atakalamba, anapeka nyimbo ya kwaya ya tchalitchi chachikulu cha Anglican ku Birmingham mu 2017, yochokera pa Salimo 133. Ngakhale chizindikiro cha zala ziwiri zoimika ngati nyanga, chimene chimaopsa makolo ambiri, amene anachitchukitsa ndi Ronnie James Dio, ndipo iye anachiphunzira kwa agogo ake aakazi a Chitaliyana, amene ankachita zimenezo pofuna kuthamangitsa diso loipa. Ndi chikhulupiriro cha zithumwa, ndipo Mpingo suvomereza zithumwa, koma agogowo ankathawa choipa, sankachipembedza. Pafupi ndi ife pano, ku Botswana, kuli okonda nyimbozi ovala zikopa zakuda ndi zipewa za oweta ng'ombe, ndipo gulu la Overthrust la ku Ghanzi limakonza chikondwerero chimene phindu lake limathandiza ana ovutika. Paulo Woyera, polembera Atesalonika, anawalangiza kuyesa zinthu zonse ndi kusunga zabwino. Kuyesa kumafuna kuti umvetsere kaye, uwerenge mawu ake, ufunse. Amene sanamve n'komwe sanayese.

Nkhani imene imandisautsa kwambiri ndi ya James Hetfield, woimba wamkulu wa Metallica. Anakulira ku California m'banja lopemphera kwambiri, la mpingo wa Christian Science, umene umaphunzitsa kudalira pemphero m'malo mwa mankhwala. Bambo ake anachoka pakhomo iye ali ndi zaka 13. Mayi ake anadwala khansa, sanalandire chithandizo cha kuchipatala, namwalira iye ali ndi zaka 16. Patapita zaka, anaimba nyimbo yaukali yonena za Mulungu amene, m'maganizo ake, analephera. Mukaimva osadziwa mbiriyo, mumva mwano wokhawokha. Mukaidziwa, mumva mwana wamasiye amene anaphunzitsidwa molakwa za Mulungu, ndipo pa tsiku la chisoni chake chimene anapeza pafupi chinali gitala.

Apa ndi pamene ife a Mpingo tiyenera kudzifunsa. Mwana wa zaka 13 kapena 14 amene mtima wake wadzaza mkwiyo, amapita nawo kuti? Kunyumba timati mwamuna salira. Kusukulu amamuuza kuti akhale chete. Kutchalitchi timamuimbira za chimwemwe, ndipo n'zoyenera, koma kawirikawiri timamubisira kuti m'Baibulo lomweli muli anthu amene anamukuwira Mulungu. Yobu anatemberera tsiku limene anabadwa. Yeremiya anadandaula kuti Mulungu anamunyengerera. Salimo 88 ndi pemphero la munthu wosiyidwa ndi abwenzi, ndipo limatha ali mumdima, popanda mawu otonthoza kumapeto. Mpingo sunalichotse, ansembe ndi asisitere amalinena pa mapemphero a usiku Lachisanu lililonse. Ambuye Yesu pamtanda anafuula ndi mawu oyamba a Salimo 22. Ineyo ndaphunzitsa katekisimu zaka zinayi, ndipo ndikuvomera ndi manyazi kuti sindinawerengepo Salimo 88 ndi ana anga. Ndinkaopa kuti liwasokoneza. Pamene ine ndinkaopa, wina anawatumizira nyimbo imene inawauza kuti mkwiyo wawo ndi womveka.

Ndipo taonani mmene wotumiza uja amachitira. Sakonza msonkhano. Salemba kalata. Amakhala pafupi, napatsa mnzake chingwe chimodzi cha m'khutu, china n'kuvala yekha. Chikhulupiriro chathu chinayambanso kuyenda motero. Pa Yohane 1 timamva kuti Andrea, atacheza ndi Yesu tsiku limodzi, anayamba wakafuna m'bale wake Simoni, namutengera kwa Iye. Petulo, thanthwe la Mpingo, anabwera naye ndi m'bale wake. Inu achinyamata a m'parishi muno amene muli ndi azing'ono anu, dziwani kuti chimene muwapatse pa zaka zimenezi, chabwino kapena choipa, adzakhala nacho mpaka ukalamba. Inunso aimiriri a Ubatizo ndi Ulimbitso, amene ena mwa inu munaonekera komaliza pa tsiku la zithunzi, malo amenewo ndi anu.

Lachitatu madzulo ndinapita kunyumba kwa mayi aja. Tinakhala atatu pakhonde, foni ili pakati. Mnyamatayo poyamba anangoyang'ana pansi, akudikira kukalipiridwa. Mayi ake anamufunsa, mawu akunjenjemera pang'ono, kuti nyimbozo anamupatsa ndani. Anati ndi msuweni wake wa ku Johannesburg, amene anabwera kumaliro a bambo ake chaka chatha. Usiku wa tsiku loika maliro, akuluakulu ali kalikiliki kukambirana za katundu, msuweniyo anamupeza atakhala yekha kuseri kwa nyumba, nakhala naye mpaka mbandakucha. Ndi yekhayo, anatero mwanayo, amene sanamuuze kuti alimbe mtima.

Mayiwo anakhala chete nthawi yaitali. Kenako tinawerenga pamodzi mawu a nyimbo zisanu, ine ndikumasulira. Ziwiri tinagwirizana kuti azifufute, ndipo anazifufuta yekha ife tikuona, ngakhale pa imodzi anatsutsa kaye mwamphamvu. Zitatu zinatsala. Ndisananyamuke ndinamutsegulira Salimo 88 m'Baibulo la malemu bambo ake, ndipo analiwerenga kawiri. Anandifunsa ngati analemba ndi munthu wokhulupirira. Ndinati inde. Anafunsanso ngati Mulungu anamuyankha munthuyo. Ndinamuuza kuti salimolo silinena, ndipo kuti abwere nalo funsolo m'kalasi Loweruka, chifukwa tidzaliwerenga tonse. Makolo amene mukufuna kudzakhala nafe, tiyamba 9 koloko m'mawa, mu holo.