Mtsutso: America izikweza malire a ngongole popanda kuumirizana

WOVOMEREZA: A wapampando ndi omvera nonse, ku America lamulo limaika malire pa ngongole yomwe boma lingakhale nayo. Koma amene amavomereza bajeti ndi kudula misonkho ndi aphungu omwewo. Ndalama zikaperewera, amakana kuti boma libwereke zolipirira zomwe iwo analamula. Walira mvula walira matope.

WOTSUTSA: Anzathuwa akuyankhula ngati ngongole ndi yaulere. Mu Januwale 2023 inafika pa malire a madola 31.4 thiriliyoni. Adzabweza ndani? Ana omwe sanabadwe. Pakanapanda sipikala Kevin McCarthy ndi chipani cha Republican kulimba mtima, Joe Biden sakanasaina pangano la mu Juni lochepetsa ndalama zina zoyendetsera boma. Mu 2011 sipikala John Boehner anachita zomwezo kwa Barack Obama.

WOVOMEREZA: Zikomo pondikumbutsa 2011. Pangano linasainidwa pa 2 Ogasiti, ndipo pa 5 Ogasiti kampani ya Standard & Poor's inatsitsa America kuchoka pa mlingo wa AAA wodalirika pa ngongole, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo. Mu 2023 Fitch inachitanso chimodzimodzi. Kulimba mtima kwake n'kumeneko? Munthu wadya nsima pa lesitilanti, kenako akuopseza kuti salipira pokhapokha mkazi wake asiye kugula sopo!

WOTSUTSA: Musanyoze. Obama yemweyo, ali seneta mu 2006, anavota kukana kukweza malirewa.

WOVOMEREZA: Eya, chifukwa pampando panali George W. Bush. Mwandithandiza, achimwene. Nanga pamene Donald Trump ankalamula koyamba, malirewa anaimitsidwa katatu, mu 2017, 2018 ndi 2019. Osunga chuma anuwo anali kuti? Ngongole imawanunkhira pokhapokha ku White House kuli mdani.

WOTSUTSA: Inu ndikukudziwani, ndinu aja obwereka osabweza. N'chifukwa chake mukuikira kumbuyo okongola anzanu.

WAPAMPANDO: Tiyeni tibwerere pa mutu, chonde.

WOVOMEREZA: Zanga ndimabweza, ndipo ndikupempha America izibwezanso zake. Ofuna kuchepetsa ngongole akamenyere nkhondoyo pa bajeti, ndalama zisanadyedwe. Boma likalephera kulipira, oyamba kulira ndi nkhalamba zodikira penshoni ndi asilikali odikira malipiro, ndipo dola yomwe ife timagulira mafuta ndi feteleza idzagwedezeka.

WOTSUTSA: Komabe 2023 inabala pangano.

WOVOMEREZA: Inabala, ndipo pa 3 Okutobala aphungu asanu ndi atatu a chipani chake chomwe anathandiza kumuchotsa McCarthy pa usipikala. Oweruza, mapointi tipatseni ife.