Madzi saiwala khwawa

Mvula ikagwa sabata yathunthu mu Januwale, mbali zina za komboni ya Kanyama ku Lusaka zimasanduka dziwe. Anthu amayala miyala ndi matumba a mchenga pakhomo, ana amapita kusukulu nsapato zili m'manja, ndipo madzi a m'chimbudzi ndi a m'chitsime amasakanikirana pansi pa nthaka. Akuluakulu amene adawaona malowa nyumba zisanachuluke sadabwa, amangoti madzi saiwala khwawa. Komboniyi idamangidwa pamalo athyathyathya, pamwamba pa thanthwe la laimu lodzaza ming'alu ndi mphako, ndipo madzi apansi sakhala patali. Munthu amagula puloti mu Okutobala pali fumbi lokhalokha, mwini malo weniweni n'kudzafika ndi mvula.

Mwambiwu timaunena pa munthu wobwerera ku khalidwe lake lakale, kapena wamtchona amene watulukira kwawo atakalamba. Koma tikaumva monga momwe ulili, umatifunsa funso lovuta: madziwo amakumbukira mpaka liti, nanga ife timakumbukira mpaka liti? Makolo athu amasimba za chilala cha 1992. Agogo ochokera ku Malawi amasimba za njala ya 1949. Kupitirira pamenepo n'zongomva. Pomwe madzi mbiri yawo amaisunga m'matope, zaka zikwi mazanamazana.

Mu 2005 akatswiri a sayansi, pakati pawo Christopher Scholz wa ku Syracuse University, Andrew Cohen wa ku University of Arizona ndi Thomas Johnson wa ku Minnesota, adamanga makina obowolera pa chombo cha Viphya n'kulowa pakati pa Nyanja ya Malawi. Pamalo ena pamene madzi ndi akuya pafupifupi mamita 600 adabowola matope mpaka mamita pafupifupi 380, n'kuwatulutsa m'mapaipi. Chaka chilichonse fumbi, mungu wa zomera ndi zotsalira za tizilombo zimamira n'kukagona pamwamba pa za chaka chatha. Choncho kutsika m'matopewo ndi kubwerera m'mbuyo, ndipo apansi penipeni adagona kumeneko zaka zoposa miliyoni imodzi zapitazo.

Mboni imodzi m'matopemo ndi nkhungu, touluka tija timene timakwera pamwamba pa nyanja ngati utsi, anthu a ku Nkhata Bay n'kutikola, kutiumba ndi kutiyanika kuti tikhale ndiwo. Mphutsi zake zimakonda madzi akuya. Masana zimatsikira kumdima kothawira nsomba, usiku n'kukwera kudzadya. Zikafa thupi limawola, koma tinsagwada take tolimba timatsala. Wofufuza amasefa kamtanda ka matope, n'kuika zotsalazo pa maikulosikopu, n'kumawerenga kamodzikamodzi. Akapeza tinsagwadato tambiri m'matope akuda oyalana bwino, amadziwa kuti nyanja idali yakuya. Tikasowa, m'malo mwake n'kuchuluka tizigoba ta tinyama ta m'madzi osaya, ndiye kuti nyanja idaphwa. Mungu nawo umaulula ngati m'mphepete mudali nkhalango kapena tchire louma. Ku Britain, Russell Coope ankachita zofanana ndi mapiko a tizikumbu takalekale, n'kuonetsa kuti kuzizira ndi kutentha kunkatha kusinthana mofulumira pa nthawi ya ayezi.

Zimene akatswiri obowola pa Nyanja ya Malawi aja adalengeza mu 2007 zidadzidzimutsa ambiri. Pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kudagwa zilala zoopsa, ndipo nyanja imene lero kuya kwake kumafika mamita 700 idatsika ndi mamita pafupifupi 600. Madzi okwana magawo 95 pa 100 alionse adatha, kudatsala nyanja yaing'ono pakati pa chigwa chouma. Kenaka madzi adabwerera, ndipo izi sizidachitike kamodzi kokha. Nayo Nyanja ya Victoria idaumiratu chakumapeto kwa nthawi imene ayezi adakuta kumpoto kwa Ulaya ndi Amerika. Anthu adalipo kale m'dziko lino zonsezi zisanachitike: pa phiri la Twin Rivers, kufupi ndi Lusaka, Lawrence Barham adafukula zida zamiyala ndi miyala yopangira utoto za zaka zoposa 200,000. Amene adadza pambuyo pawo adapyola m'zilala zimenezo.

Apa mwambi uja ukukula. Madzi sakumbukira khwawa lokha lodzeramo. Amadziwanso njira yochokera. Mu 2024 tidaziona zonse ziwiri m'miyezi yochepa. Chaka chidayamba ndi kolera wa m'nyengo ya mvula, odwala atagonekedwa pa bwalo lamasewera la National Heroes, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza kuti chilala ndi ngozi ya dziko lonse. Madzi a m'damu la Kariba adatsika, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ku Chawama ndi ku Mtendere mbaula zidabwerera pakhomo, mizere ya zigubu n'kutalika.

Sikuti chilala cha makedzana chija chikubwera mawa. Chidadza pang'onopang'ono, chifukwa cha kusintha kwa kayendedwe ka dziko pozungulira dzuwa, pomwe kutentha kwa lero kukufulumizidwa ndi utsi wa malasha ndi mafuta. Phunziro lake n'lakuti zimene maso a agogo adaona si malire a zimene mvula ingachite. Wogawa mapuloti pa dambo, womanga pa ngalande, wobowola chitsime pafupi ndi chimbudzi, onsewo amawerengera zaka khumi kapena makumi awiri zimene iwo akukumbukira. Mzinda wofuna kukhalitsa uyenera kufunsa kaye nthaka ndi thanthwe lake kuti madzi adafikapo pati ndipo adasowapo motani, usanalole njerwa yoyamba kuikidwa.