Walira Mvula Walira Matope: Injini ya Dizilo Kapena ya Petulo

Mwambi wakuti "walira mvula walira matope" umaphunzitsa kuti munthu akafuna chinthu ayenera kulandiranso zovuta zimene chinthucho chimadza nazo, ndipo phunziroli limagwira ntchito posankha injini ya galimoto yoyenda m'misewu yafumbi, m'mapiri ndi m'madambo.

Injini ya dizilo ilibe mapulagi otulutsa moto woyatsira mafuta, popeza mafuta amayaka okha akapoperedwa mumpweya umene wapanikizidwa mpaka kutentha kwambiri, ndipo imakoka mwamphamvu ngakhale ikuzungulira pang'onopang'ono, komanso imamwa mafuta ochepa poyerekeza ndi ya petulo. Injini ya 1HZ ya malita 4.2, imene Toyota inayamba kuika mu Land Cruiser mu 1990, inatchuka chifukwa pampu yake ya mafuta siidalira kompyuta, motero ngakhale amakaniko akumidzi amatha kuikonza. Matope a dizilo ndi akuti galimoto yake imakhala yolemera ndi yodula, ndipo injini zamakono zimene zimapopera mafuta mwamphamvu zedi kudzera m'mainjekita, zipangizo za timabowo ting'onoting'ono, zimawonongeka msanga zikamwa mafuta am'zigubu osakanikirana ndi madzi kapena fumbi, pomwe kuzikonza kumadya ndalama zambiri.

Ya petulo ndi yopepuka ndiponso yotsikirapo mtengo, koma imamwa mafuta ambiri pokwera mtunda ndi mumchenga, ndipo ikhoza kuzima madzi akanyowetsa mawaya a mapulagi powoloka mtsinje.

Wonyamula katundu wolemera kutali ndi malo omwetsera mafuta ayenera kusankha dizilo, malinga ngati ali wokonzeka kumasintha sefa ya mafuta panthawi yake.