CHIKONDI CHA AKRISTU M'MINDA YA TIYI

Usiku umene Ambuye Yezu anaperekedwa, analamula Apostoli ake kuti akondane monga Iye anawakondera, ndipo m'mawa mwake anaonetsa pa mtanda muyeso wa chikondicho. Yoane Woyera m'kalata yake yoyamba atiuza kuti nafenso tiyenera kupereka moyo wathu chifukwa cha abale. Koma pomwepo atsikira ku zinthu za masiku onse, nafunsa ngati chikondi cha Mulungu chingakhale mwa munthu amene aona mbale wake ali wosowa namuumira mtima.

Kapena wina adzati: "Ine wothyola tiyi, ndingapereke bwanji moyo wanga?" Zoonadi, ngowerengeka amene Mulungu awaitana monga anaitanira Maximilian Kolbe Woyera, wansembe uja amene mu 1941, m'ndende ya Auschwitz, anapempha kufa m'malo mwa mkaidi mnzake wa mkazi ndi ana. Koma moyo wa wantchito uli m'dengu lake. Kuno ku Thyolo, kumene tiyi anayamba kulimidwa mu 1908, malipiro a wothyola akwera kapena kutsika pa sikelo. Tsono mai amene aona mnzake wa pa mzere akunjenjemera ndi malungo, natapa masamba m'dengu lake kuthira m'dengu la wodwalayo, wapereka thukuta lake ndi ndiwo za ana ake. Ameneyo wapereka moyo, ngakhale magazi sanakhetsedwe.

Nyengo ya mvula tiyi aphukira msanga ndipo ntchito ichuluka. Chilimwe chikafika, ambiri olembedwa kwa nyengo amabwerera kunyumba, ndipo pa mafuwa pao moto uzima. Inu amene ntchito yanu ili ya chaka chonse, kodi mudziwa amene anagona ndi njala mwa iwo amene mugwada nao pa Misa? Musanene kuti: "Ndidzathandiza ndikadzalemera." Paulo Woyera anatama Akristu a ku Masedonia chifukwa anasonkhera osauka a ku Yerusalemu ali pa umphawi waukulu iwo eni. Musafunsenso ngati wosowayo ndi Mlomwe, Mmang'anja kapena Mngoni: madzi a Ubatizo ndi amodzi, Ukaristia ndi umodzi.

Inunso akapitao ndi alembi a pa sikelo, mtanda wanu ndi wina. Lembani zimene sikelo yanena, ndipo wofooka akaponderezedwa m'lankhulireni, ngakhale mutaopa kuti mudzadedwa. Maepiskopi athu anatsogola m'njira yomweyi mu Malichi 1992, pamene m'kalata yao ya Lenti anadandaula za malipiro ochepa a antchito. Anaopsezedwa, ndipo Monsinyo John Roche anapirikitsidwa m'dziko muno.

Makolo athu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Mkristu apitirira pamenepo: azima ndevu za amene sadzatha konse kumbwezera, pakuti Kristu anatifera ife tisanampatse kanthu.

Chifukwa chake, Lamulungu lisanafike, aliyense apeze mbale mmodzi wa mu mphakati mwake amene ali m'mavuto, amgawire chimene iye mwini akadachifuna: mbale ya ufa, tsiku la kulima m'munda mwake, usiku wa kuchezera pa mphasa ya wodwala. Maria Woyera, amene anaimirira patsinde pa mtanda, atipempherere mtima wotere. Amen.