Kuchepetsa mapointi a MSCE kwa ophunzira a ku Monkey Bay

Ku Malawi, wofuna kupita kuyunivesite amayesedwa ndi mayeso a MSCE, amene amalembedwa pomaliza Fomu 4 ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB la ku Zomba. Phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza kwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, pomwe 9 ndi kulephera. Magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene wophunzira wakhoza bwino koposa amaphatikizidwa n'kukhala mapointi ake. Mapointi akamachepa mwayi umakula, ndipo wokhoza mopambana amapeza 6.

Kasankhidwe ka ophunzira opita ku mayunivesite a UNIMA, MUBAS, KUHeS, Mzuni, LUANAR ndi MUST kamadzera ku bungwe la NCHE. Pamafunika makirediti asanu ndi limodzi, limodzi mwa iwo likhale la Chingerezi. Koma malo ndi ochepa kuyerekeza ndi oyenera, n'chifukwa chake ambiri amabwereza Fomu 4 kapena kulembanso mayeso ali kunyumba.

Kubwereza pakokha sikuchepetsa mapointi. Wobwereza ayenera kuyamba ndi chikalata cha zotsatira zake, n'kuona pamene anataya zambiri. Kuchoka pa 2 kufika pa 1 n'kovuta, ndipo phindu lake ndi pointi imodzi. Kuchoka pa 7 kufika pa 4 kumachotsa mapointi atatu n'kubweretsanso kirediti imene panalibe. Vuto ndi loti ophunzira ambiri amakonda kuwerenga phunziro limene amalidziwa kale, n'kumazemba lomwe linawagwetsa. Wobwereza ayeneranso kudziwa zofuna za maphunziro amene akulakalaka: wofuna udokotala kapena uinjiniya sangapite patali ndi masamu ndi sayansi zofooka, ngakhale mapointi ake ataoneka abwino.

Chingerezi chimafuna chidwi chapadera. Mwana wa ku Monkey Bay, Chembe kapena Nankumba amakula akulankhula Chichewa kapena Chiyao, koma mafunso a Bayoloje, Jogalafe ndi Ulimi amabwera m'Chingerezi. Wosamvetsa kusiyana kwa funso lofuna kutchula ndi lofuna kufotokoza amataya malikisi pa nkhani imene akuidziwa. Mankhwala ake ndi kuwerenga tsiku ndi tsiku, kulemba chimangirizo sabata iliyonse, ndi kupempha mphunzitsi kuti achonge. Mapepala a mayeso a zaka zammbuyo amathandiza akayankhidwa ndi wotchi patsogolo, buku litatsekedwa, osati kungoloweza mayankho a ena.

Kugombe kuno palinso mpikisano wa nthawi. Usodzi wa usipa umachitika usiku ndi nyali, ndipo mnyamata amene wagona panyanja sangamve masamu kutacha. Mtsikana amene amathera tsiku poyanika nsomba pathandala ndi pogulitsa amafika pabuku atatheratu. Ndalama ya nsomba imabwera lero lomwe, ndipo nyumba zamalata za obwera ku Joni zimaoneka ndi maso, pomwe phindu la sukulu limachedwa. Makolo amene alola mwana kubwereza ayenera kumumasulanso ku ntchito zina kwa chaka chimenecho, apo ayi fizi ingopita pachabe.

Sukulu nazo sizilingana. Sekondale monga Lisumbwi ndi sekondale zoyendera za m'midzi yozungulira zimalemba mayeso amodzimodzi, koma zambiri zoyendera zimaperewera mabuku, labotale ndi aphunzitsi a sayansi. Pamene zinthu zili chonchi, magulu ang'onoang'ono ophunzirira limodzi ndi kubwerekana mabuku zimachepetsa mpatawo, ngakhale udindo woutseka ndi wa boma.

Likasa, kutanthauza mayeso obedwa, si njira. Mu 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa atabedwa, ndipo dziko lonse linalembanso mu Januwale 2021, kuvutitsa ngakhale ophunzira osalakwa. Wolowa kuyunivesite mwachinyengo amakakumananso ndi zimene anazemba.

Mapointi amachepa wophunzira akadziwa pamene wafooka, akalimbitsa Chingerezi chake, ndiponso banja likamupatsa nthawi yowerenga. Popanda zitatuzi, kulembanso mayeso kumangobweretsa zotsatira zomwe zija.